Kukulitsa njira ya mpweya pa injini: kodi galimoto ya mlimi imapinduladi?

Nyengo yokolola ikafika ku Angónia ndi ku Tsangano, galimoto zing'onozing'ono zimagwira ntchito yoposa msinkhu wake. Matumba a mbatata ya kachewere, nyemba ndi soya amachoka kumunda kupita ku Ulónguè, ku Calómuè kapena kutsikira ku mzinda wa Tete. Pobwerera, galimoto yomwe imathamanga bwino kuchigwa imayamba kulemera ikamakwera zitunda kuchokera ku Mussacama. Apa ndi pomwe eni galimoto ena amalangizidwa kuti achotse throttle body ndi intake manifold zomwe zinabwera ndi galimoto, aikepo zazikulu, ati kuti injini ikhale ndi mphamvu. Ndalama zogulira zipangizozi zimachokera ku thukuta la chaka chonse, choncho ndi bwino kudziwa kaye ntchito yake.

Zipangizo ziwirizi zimagwira ntchito yanji?

Injini ya petulo imadya mpweya wambiri kuposa mafuta. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino, pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Kunena kwina, lita imodzi ya petulo imafuna malita a mpweya pafupifupi 9,000.

Mpweyawu umayamba wadutsa mu sefa, kenako umafika pa throttle body, yomwe m'mashopu a zipangizo za galimoto ku Tete imadziwika kuti corpo de borboleta. Ichi ndi chitoliro chachifupi chokhala ndi kachitseko kozungulira m'kati mwake. Dalaivala akaponda moto, kachitsekoko kamatseguka ndipo mpweya umalowa wambiri. Akachotsa phazi, kamatseka. Pa galimoto zakale za kabuleta, monga Nissan 1400, kachitsekoka kamakhala m'kabuleta momwemo.

Ukadutsa pamenepo, mpweya umalowa mu intake manifold, kapena kuti colector de admissão m'Chipwitikizi. Iyi ili ndi chibowo chachikulu chosonkhanitsa mpweya, komanso mapaipi omwe amaugawa ku silinda iliyonse. Ili ngati ngalande ya m'dimba yomwe imalandira madzi pamalo amodzi n'kuwagawa ku mabedi onse.

Chachikulu sichithandiza nthawi zonse

Kuchuluka kwa mpweya womwe injini ingakoke kumadalira kukula kwa masilinda ndi liwiro lomwe ikuzungulira. Injini ya malita 2 ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, imakoka mpweya wosaposa malita 3,000 pa mphindi. Ikafika ka 6,000, imafuna kuwirikiza kawiri. Opanga galimoto amayeza throttle body kuti ikwanire ngakhale pa liwiro lapamwambalo. Choncho galimoto yonyamula matumba, yomwe nthawi zambiri imazungulira pakati pa 2,000 ndi 3,500, sikhala ikuperewedwa mpweya chifukwa cha kuchepa kwa khomo.

Kuchotsa throttle body ya mamilimita 60 n'kuikapo ya mamilimita 70 kumakulitsa khomo ndi 36 pa 100 iliyonse. Koma ngati mavavu ndi masilinda ali omwe aja, mpweya wolowa umakhala pafupifupi womwewo. Chomwe chimasintha ndi chakuti dalaivala akangogunda moto pang'ono, galimoto imadumpha. Ambiri amaganiza kuti mphamvu yawonjezeka, chonsecho phazi likafika pansi palibe kusiyana kwenikweni. M'matope a dzinja kudumphaku ndi vuto, chifukwa matayala amangozungulira pamalo amodzi.

Pa manifold nkhani yagona pa kutalika ndi kukula kwa mapaipi. Mapaipi aatali ndi opapatiza amathamangitsa mpweya, ndipo silinda imadzaza bwino injini ikamazungulira pang'onopang'ono. Imeneyi ndiyo mphamvu yokokera katundu pachitunda. Mapaipi aafupi ndi otakasuka amathandiza injini ikamalira kwambiri, monga pa mpikisano wa galimoto. Manifold zambiri zogulitsidwa ngati zowonjezera mphamvu ndi za mtundu wachiwiriwu. Mlimi akaika yotere, amagula mphamvu ya pa liwiro lomwe safikapo, n'kutaya ina mwa mphamvu yomwe amaifuna tsiku ndi tsiku.

Makampani opanga galimoto amalidziwa vutoli. Toyota inaika njira yotchedwa T-VIS pa injini ya 4A-GE m'chaka cha 1983, yomwe imatseka theka la mapaipi injini ikamazungulira pang'ono n'kuwatsegula ikathamanga. Mu 1991 injini yomweyo inatuluka ndi mavavu 20 komanso throttle body zinayi, imodzi pa silinda iliyonse. Koma iyi inali injini ya galimoto zothamanga, ndipo zonse za m'kati mwake zinapangidwa mogwirizana.

N'chifukwa chiyani galimoto imafooka kumapiri?

Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pamalo osafika mamita 200 kuchokera pa nyanja yamchere. Dera la Angónia lili pamwamba, kupitirira mamita 1,000. Munthu akamakwera, mpweya umapepuka. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse pa mamita 300 alionse omwe yakwera. Ndiye kuti galimoto yochoka ku Tete imafika ku Ulónguè itataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake, ngakhale ilibe vuto lililonse. Kukulitsa khomo sikungabweze mphamvu imeneyi, chifukwa mpweya wakunjawo ndiwo wapepuka. Injini za turbo sizivutika kwambiri, poti turbo imapanikiza mpweya isanaulowetse.

Kutentha nakonso kumapepukitsa mpweya. Kukakwera ndi madigiri 10, mpweya umapepuka ndi pafupifupi 3 pa 100 iliyonse. N'chifukwa chake kuchotsa bokosi la sefa n'kuikapo sefa yapamtunda pafupi ndi injini kawirikawiri kumabweza zinthu m'mbuyo. Injini imalira mokoma, koma imakoka mpweya wotentha, ndipo m'misewu yafumbi ya mwezi wa Okutobala fumbi lolowa limadya maringi ndi masilinda. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga galimoto za dizilo?

Mapikapu ndi malole ambiri onyamula zokolola, monga Toyota Hilux, Toyota Dyna ndi Mitsubishi Canter, ndi a dizilo. Pa injini izi mphamvu imayendetsedwa ndi kuchuluka kwa mafuta omwe apopedwa, osati kachitseko ka mpweya. Zina zili nako kachitsekoko, koma ntchito yake ndi kuthandiza kubweza utsi m'injini komanso kuizimitsa mosagwedera. Wouza mwini galimoto ya dizilo kuti agule throttle body yayikulu akumutayitsa ndalama. Vuto lomwe limapezeka kwambiri pa dizilo ndi mwaye wosakanikirana ndi oyilo, womwe umamatirira mu manifold mpaka njira kuchepa. Mankhwala ake ndi kuimasula n'kuitsuka.

Zomwe zingawonongeke

Galimoto za petulo za masiku ano, monga Toyota Probox ndi Sienta, zili ndi kompyuta yomwe imawerengera mafuta potengera zomwe masensa akuiuza. Throttle body ya galimoto ina ikaikidwa, sensa yake ikhoza kusagwirizana ndi kompyutayo. Zotsatira zake, injini imakwera ndi kutsika yokha galimoto itaima, imazima pamphambano, kapena imayatsa nyale yochenjeza. Pa galimoto zomwe kachitseko kamatsegulidwa ndi mota yamagetsi m'malo mwa waya, kompyuta ikaona zachilendo imachepetsa mphamvu dala.

Choopsa china ndi mpata. Gasiketi ikapanda kukhala bwino, injini imakoka mpweya womwe sunawerengedwe. Mafuta amachepa poyerekeza ndi mpweya, moto wa m'silinda umatentha mopyola, ndipo pa ulendo wautali wokwera ndi katundu vavu kapena pisitoni ikhoza kupsa.

Kusinthaku kumapindula pokhapokha injini yonse ikakonzedwera liwiro: camshaft ina, njira za mpweya za mu hedi zokulitsidwa, ekizosi yogwirizana nazo, ndiponso kompyuta yochunidwanso ndi katswiri. Imeneyi ndi ntchito ya galimoto za mpikisano, osati yonyamula mbatata.

Poyambira pabwino

Pali njira yosavuta yodziwira ngati khomo la mpweya likuchepadi. Makaniko amalumikiza geji yoyezera kukoka kwa mpweya pa manifold, kenako galimoto imayendetsedwa pachitunda moto utapondedwa mpaka pansi. Muvi ukatsikira pafupi ndi 0, ndiye kuti mpweya ukulowa mokwanira ndipo throttle body yayikulu siingawonjezere kanthu.

Nthawi zambiri mphamvu yotayika imabwerera ndi zinthu zotsika mtengo. Sefa ya mpweya yotsekeka ndi fumbi isinthidwe. Kachitseko katsukidwe ndi mankhwala ake, ndipo ngati ndi kamagetsi kasakankhidwe mwankhanza. Mapaipi a labala aonedwe ngati ang'ambika. Mapulagi, sefa ya mafuta ndi kilatchi yoterera ziyezedwe, pamodzi ndi mabuleki ogwira komanso matayala ochepa mpweya. Ngati mphamvu ikusowabe, makaniko ayeze kupanikiza kwa masilinda, chifukwa injini yotha maringi siingachire ndi chipangizo chomangirira kunja.

Zonsezi zikakhala bwino koma galimoto ikulemerabe pachitunda, ndiye kuti katundu wachuluka. Kutsitsa giya msanga ndi kuchepetsa matumba kumateteza injini, ndipo ndalama zomwe zikanapita ku manifold yonyezimira zimatsalira feteleza ndi mbewu za chaka chamawa.