Fodya akalowa mumsika, Kasungu sagona

Msika wa fodya ukangotsekulidwa m'mwezi wa Epulo, pa Chinkhoma pamasintha nkhope. Malole odzaza mabelo amandandalika m'mbali mwa msewu wa M1, ena kugona pomwepo podikira kutsitsa katundu. Pomwe pali mzere wa malole sipachedwa kufika wootcha kanyenya, kenako wa chipisi, kenako wina amatsekula kanyumba komwe kadatsekedwa mu Okutobala, n'kukapaka laimu, n'kukokeramo masipika awiri otalika ngati munthu. Pofika Meyi, pa boma, pa Santhe, pa Chamama, pa Chatoloma ndi pa Nkhamenya nyimbo zimalira mpaka tambala woyamba. Zoimba za kwathu kuno zimasinthana ndi amapiano a ku Joni ndi za ku Zambia, mipira ya pulu ikugundana, akabaza ali tcheru panja.

Boma la Kasungu lili ndi anthu oposa 800,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ambiri a iwo sadalowepo m'bala chibadwire. Komabe kwa miyezi inayi kapena isanu pachaka, malo ochitira malonda a m'bomali amakhala ndi usiku womwe umayenda pa mfundo imodzi ndi mizinda ikuluikulu ya juga ya kunja: pezani munthu amene walandira ndalama yambiri nthawi imodzi, musamulole kugona msanga.

Mwini luso limeneli ndi Las Vegas, mzinda wa m'chipululu cha Nevada ku America. Nevada idaloleza juga mu 1931, hotela ya Flamingo idatsekulidwa mu 1946 pa msewu womwe lero umatchedwa Strip, ndipo masiku ano kumafika alendo pafupifupi 40 miliyoni pachaka. Ambiri timaganiza kuti mzindawu umadya za juga basi. Ayi. Kuyambira cha m'ma 1999, mahotela a pa Strip amapeza ndalama zambiri pa zipinda zogona, chakudya, zakumwa ndi zisangalalo kuposa pa juga yeniyeniyo. Malo ovinira usiku adasanduka msika paokha: Tao ku Venetian mu 2005, XS ku Encore mu 2008, Hakkasan ku MGM Grand mu 2013, Omnia ku Caesars Palace mu 2015.

Kumeneko wofuna kukhala pansi amagula tebulo. Amavomera pasadakhale kuti atayapo ndalama zakutizakuti, kawirikawiri madola masauzande, ndipo botolo lomwe m'sitolo ndi la mtengo wamba amaligula mowirikiza kangapo. Botololo silibwera mwakachetechete. Limabwera litanyamulidwa m'mwamba, timoto tikuthetheka, kuti chipinda chonse chitembenuke chione amene wagula. Mowa ndi womwewo wa m'sitolo. Chomwe munthuyo walipira ndi maso a anthu.

Amene adakhalapo m'bala ya pa Kasungu mu Juni akudziwa kale nkhaniyi. Bambo amene chaka chonse ankangotchedwa uje wa kuseri kwa dambo, usiku umenewo ndi bwana, ndi biggie, ndi achikulire. Akakweza dzanja, kireti ya Green kapena Kuche Kuche imatera pakati pa anthu oti sakuwadziwa n'komwe. Woimbitsa nyimbo amatchula dzina lawo pa chimkuzamawu. Nthano zakuti mlimi wina adasamba m'manja ndi mowa, kapena kuti wina adatsukira njinga yake yatsopano, zimamveka chaka ndi chaka, ndipo wofotokoza aliyense amalumbira kuti adaona ndi maso ake, kungoti mudzi wa mlimiyo umasinthasintha. Kaya zidachitikadi kaya ayi, nthanozi zikunena zoona pa chinthu chimodzi: munthu amene wakhala miyezi isanu ndi inayi akuweramira nthaka popanda womuona, amafuna aoneke.

Kufanana kwa Kasungu ndi Las Vegas kumathera pomwepo. Ndalama yomwe imatayidwa ku Las Vegas idapezedwa kwina, ku California, ku New York, ku London, ndipo mzindawo udatchera misampha yoti ina itsale. Nyumba zikuluzikulu za juga zimapereka msonkho wa 6.75 peresenti pa zomwe zapata, ndipo anthu a ku Nevada sadulidwa msonkho wa boma lawolo pa malipiro. Operekera zakumwa, ophika ndi oyala m'zipinda ali ndi bungwe lawo, Culinary Workers Union, la mamembala pafupifupi 60,000, lomwe limakambirana malipiro ndi eni mahotela maso ndi maso. Ngakhale Sun City, yomwe Sol Kerzner adatsekula mu 1979 ku Bophuthatswana chifukwa juga inali yoletsedwa mu South Africa ya tsankho, idamangidwa kuti izikolola ndalama za anthu a ku Johannesburg ndi Pretoria.

Ku Kasungu madzi amayenda chobwerera. Ndalama imafukulidwa m'nthaka ya konkuno ndi manja a banja lonse, n'kutuluka pa M1 kulowera kwa ofulula mowa, kwa eni makampani a juga, ndi kwa amalonda omwe amabwera ndi nyengo n'kuchoka nayo. Mlendo wolemera wochokera kutali palibe. Mlendoyo ndi mwini mudzi.

Usiku woterewu si wakalekale. M'nthawi ya Kamuzu Banda, mwana wa konkuno, fodya wa bale ndi wa fulu anali wa maesiteti. Lamulo la Special Crops Act lidatsekera kunja mlimi wamng'ono, yemwe ankalima chikopa n'kukagulitsa ku Admarc pa mtengo womwe wauzidwa. Maesiteti a Press ndi a General Farming, komanso alimi osankhika a pansi pa Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, ndiwo ankagwira ndalama yeniyeni. Inalinso nthawi yomwe lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi thalauzi ndi siketi yaifupi, ndipo mwini bala ankadziwa kuti makutu a chipani ali paliponse. Anthu ankamwa, inde, Chibuku m'thaveni, masese ndi kachasu m'midzi, koma ndi ndalama ya m'thumba la ganyu. Zinthu zidatembenuka kuyambira mu 1990 pomwe boma lidayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima bale. M'zaka zochepa, anthu omwe sadagwirepo ndalama yoposa ya thumba la feteleza adayamba kulandira za mabelo khumi tsiku limodzi. Mabala ndi malo ogona alendo adamera motsatira.

Kuti timvetse chomwe chimachitika pa kauntala, tiyambe taona momwe ndalamayo imafikira. Nazale imafesedwa dzuwa likuswa mtengo, kuthirira ndi makheni m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa n'kuwokera, kupalira, kuthira feteleza wangongole, kuthena, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kudinda mabelo pa jeke. Miyezi yonseyo palibe tambala yolowa, ndipo Januwale ndi Febuluwale, pomwe ntchito yafika pachimake, ndi pomwenso nkhokwe yapepuka. Ena amapulumukira kwa a katapila, ena amagulitsa fodya wosasankha kwa mavenda pa mtengo wolira nawo. Kenako, tsiku lina, foni imalira: ndalama yalowa. Fodya amagulidwa m'madola, ndipo mu 2024 dziko lino lidapeza madola pafupifupi 396 miliyoni pa makilogalamu 133 miliyoni. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, manambala a pa pepala la malonda adatupa mochititsa chizungulire, ngakhale kuti feteleza naye anali atakwera kale kudikirira mlimi kutsogolo.

Ndalamayo imalowa mu akaunti ya munthu mmodzi, amene dzina lake lili pa chiphaso cholimira, ndipo nthawi zambiri ndi bambo. Amaipeza ali pa tauni, kutali ndi mkazi amene adasoka nawo fodyayo mpaka zala kuda bii ndi utomoni, kutali ndi ana omwe adajomba kusukulu nthawi yothyola. Pakati pa makina a banki ndi depoti ya basi pali zitseko zambiri zotsekula. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo munthu amene adaonapo matalala akuboola munda wonse m'mphindi makumi awiri, kapena mabelo ake akubwezedwa ku okushoni popanda chifukwa chomveka, mwambi umenewu amaumva mosiyana ndi wapantchito wolandira pa mwezi. Ulimi wa fodya pawokha ndi juga. Ngakhale ulimi wa mgwirizano ndi makampani, womwe udakhazikika kuyambira mu 2012 ndipo tsopano ndiwo njira yogulitsira fodya wambiri, sudachotse mantha a giredi: mlimi amadziwa za mtengo wake weniweni belo litang'ambidwa kale.

Tsono juga ina yamupeza pomwepo. Nyumba zenizeni za juga, za matebulo ndi makadi, zili ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo mlimi wa ku Chulu kapena ku Wimbe sangaganize zopondako. Sakufunikanso kutero. Timashopu ta kubetcha pa mpira tafika pafupifupi pa malo aliwonse a malonda, ndipo kandege kobetchera kali m'foni, kolumikizidwa ku Airtel Money kapena Mpamba, kosatseka usiku, kosafunsa ngati wadya. Lamulo latsopano la 2022 lidabweretsa bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority kuti liziyang'anira zonsezi, koma ofesi ya mumzinda singaone mnyamata wa zaka 16 amene akubetchera pa foni ya malume ake kuseri kwa bala. Ndalama ya mowa imasiyako kanthu kwa woperekera ndi wootcha nyama. Ya kandege imachoka m'boma muno osagwirana chanza ndi munthu.

Palinso amayi oyendayenda, omwe amatsatira nyengo monga amachitira ogulitsa kaunjika, n'kuchita lendi tizipinda ta kuseri kwa mabala. M'nkhani za pa wailesi ndi m'maulaliki, iwowa ndiwo amasenzetsedwa mlandu wonse, ngati kuti adakamukoka mlimi m'chigafa. Ambiri ndi ana a m'midzi yomweyi ndi maboma oyandikana, ena adasiyidwa ndi ana ndi amuna omwe ndalama ya fodya idawapezera mkazi wachiwiri. Atsikana operekera mowa nawo kawirikawiri alibe kalata ya ntchito, malipiro ndi ongoyerekeza, ndipo mwini bala amadziwa bwino komwe yotsalayo ichokere. Matenda opatsirana amayenda njira yomweyi n'kukafika kumudzi kwa mayi amene sadapondepo pa tauni chaka chonse.

Amene saoneka m'pang'ono pomwe pa magetsi amenewa ndi tenanti. Iye amadikira mwini esiteti agulitse, achotsere chimanga chomwe adamupatsa, mankhwala, ngakhale khasu, ndiye amuuze chotsala. Kawirikawiri bwana amabwerako ku msika ndi nkhani yakuti fodya sadayende bwino, fungo la dzulo lili m'kamwa. Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti mu 2021 posintha lamulo la ntchito, koma aliyense woyenda m'maesiteti akudziwa kuti dzina ndilo lidasintha msanga kuposa mchitidwe. Anthu a ku Kasungu sadaiwale njala ya 2002, pomwe bomali linali limodzi mwa okhudzidwa kwambiri ndipo matenanti othamangitsidwa m'maesiteti adadzaza pa boma opanda chakudya kapena ya basi yobwerera kwawo.

Tisanamizire alimi onse. Nyengo yomweyi ndi pomwe masitolo a malata ndi simenti amagulitsa kwambiri, njinga zamoto zatsopano zimatuluka zili m'mapepala, ngolo ndi ng'ombe zimagulidwa, fizi ya chaka chonse imalipiridwa. Alimi otere ndi ochuluka, kungoti sachita phokoso, ndiye sapanga nthano. Ndipo usikuwo umadyetsa anthu: akabaza, ophika mang'ina, alonda, magulu oimba omwe amakonza maulendo awo a chigawo chapakati moyang'ana kalendala ya msika. Munthu amene wagwira ntchito yoswa msana ali ndi ufulu womwa botolo lozizira ndi kuvina. Ofuna kuti mabala atsekedwe sakudziwa kuti akungotumiza anthu ku kachasu wa kuseri ndi timabotolo ta mowa waukali tomwe tidalowa m'malo mwa masacheti boma litawaletsa.

Chofunika kukonza ndi njira yomwe ndalama imadzera. Makampani ogula fodya amatha kudula ngongole yawo mlimi asanaone tambala. Luso lomwelo lingathe kugawa malipiro kuti gawo lina lisungidwe mpaka nthawi ya feteleza, ngati mlimi wavomera. Bungwe la Tobacco Commission, lomwe limalembetsa alimi, lingathe kulimbikitsa kuti chiphaso ndi akaunti zizikhala m'maina a bambo ndi mayi, kuti uthenga wa banki uzilira pa mafoni awiri. Amayi a m'mabanki mkhonde aonetsa kale kuti ndalama yosungidwa pagulu imafika Febuluwale.

Kwa khonsolo ya tauni ya Kasungu ndi ya boma, omwe amatolera ndalama za ziphaso za mabala chaka chilichonse, pempho ndi lachidule. Yenderani malowa m'miyezi ya msika, osati kukatenga ya chiphaso yokha: onani zaka za omwe akumwa ndi kubetcha, onani ngati operekera mowa akulipidwa, onani nthawi yotsekera. Ndipo pa msonkhano wa bajeti, makhansala auze anthu kuti mabala ndi mashopu a juga adapereka zingati chaka chatha, ndi kuti ndalamazo zidagwira ntchito yanji.