Khona la kumanzere likupweteka akabaza ku Mangochi

Mukatsika mlatho wa Bakili Muluzi kulowa m'tauni ya Mangochi mumakumana ndi nsanja ya wotchi yomwe atsamunda anamanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, tauniyi ikutchedwa Fort Johnston. Masiku amenewo katundu ankayenda pamitu ya amtengatenga. Lero akuyenda pa njinga zamoto. Basiketi ya usipa yochokera kudoko, thumba la chimanga, mayi woyembekezera wopita kusikelo, mwana wasukulu wochedwa, onsewa akudalira wakabaza, ndipo kumadera ngati Makanjira ndi Namwera njingayi ndiyo imafika komwe minibasi safika.

Ntchito ya akabaza ndi yofunika, sitingatsutse. Chodetsa nkhawa n'chakuti ngozi zawo zili ndi malo ake omwe zimakonda kuchitikira, ndipo malowo ndi pamphambano za misewu.

Kuno kwathu timayendetsa kumanzere kwa msewu, chimodzimodzi anzathu a ku Mozambique kuseri kwa Chiponde. Motero wokhotera kumanja ndiye amadula njira ya galimoto zobwera kutsogolo, ndipo pafupifupi aliyense amachita mantha pang'ono, amachepetsa liwiro n'kuyang'ana. Wokhotera kumanzere saona chomuopsa. Sadula njira ya munthu, amangotsata m'mphepete mwa phula n'kulowa. Akabaza ambiri khona la kumanzere amalilowa osatsitsa giya, osacheuka, nthawi zina akuyankha foni. Kulipeputsa kumeneku ndiko kukuthyola anthu miyendo.

Yang'anitsitsani momwe thiraki yaitali imakhotera kumanzere. Siyamba ndi kupita kumanzereko ayi. Dalaivala amayamba wapatukira kumanja, kulowa pakati pa msewu, kuti ngolo ya kumbuyo ipeze malo. Akatero, pakati pa thirakiyo ndi m'mphepete mwa msewu pamatseguka mpata. Wakabaza yemwe amatsatira kumbuyo, atatopa ndi utsi komanso kuyenda pang'onopang'ono, amaona mpatawo ngati mwayi, n'kukoka moto. Nthawi yomweyo mutu wa thiraki umapindikira kumanzere. Matayala a kumbuyo satsata pomwe adutsa a kutsogolo, amadula chamkati, ndipo mpata uja umatsekeka njinga ili momwemo. Kumanja kuli chitsulo, kumanzere kuli ngalande kapena benchi ya wogulitsa tomato, kothawira kulibe.

Dalaivala uja nthawi zambiri amakhala sanaone kalikonse. Galimoto za kuno chiwongolero chimakhala kumanja, iye wakhala pamwamba, ndipo mbali ya kumanzere, pansi pa chitseko ndi m'mbali mwa ngolo, pali malo omwe galasi silionetsa. Wakabaza adziwe chinthu chimodzi ichi: ngati sakuona nkhope ya dalaivala pagalasi la thiraki, dalaivalayonso sakumuona. Pamphambano, malo abwino a njinga ndi kumbuyo kwa galimoto yaikulu, patali ndithu, mpaka itamaliza kukhota. Minibasi nayo njosadalirika, chifukwa kondakitala akangoona munthu wonyamula chikwama, imagwera kumanzere mosachenjeza.

Mdani wachiwiri ndi mchenga, ndipo Mangochi ndi kwawo kwa mchenga. Mvula ikagwa umakokolokera pamsewu, matayala a galimoto amaukankhira m'mbali, ndipo umaunjikana pakhona penipeni, pomwe njinga yokhotera kumanzere imadutsa. Pamsewu wa Monkey Bay, tinjira tambiri tolowa m'midzi ndi m'madoko n'tafumbi, kotero pomwe phula lathera pamakhala kaphompho ndi timiyala. Njinga ikapendekeka pokhota, tayala limagwira pansi ndi kachigawo kakang'ono kwambiri. Kachigawoko kakaponda mchenga, woyendetsa n'kufinya buleki ya kutsogolo mwadzidzidzi, tayala limaterereka ndipo onse amagwa asanadziwe chachitika. Mabuleki amayenera kugwidwa njinga ikadali chilili, khona lisanafike. Giya itsike, liwiro lithe, kenako munthu akhote maso ali komwe akupita.

Liwiro timalipeputsa chifukwa sitiliwerengera. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti mabuleki aimitse njinga umawirikiza kanayi. Onjezani katundu. Njinga zomwe akabaza amakonda, monga Lifo ndi King Lion, n'zazing'ono, zopangidwira anthu awiri, koma timaziona zitanyamula atatu kapena anayi, mwana atakhala pathanki, kumbuyo kuli dengu la nsomba lotambalala kuposa njingayo. Njinga yolemera chonchi sikhota mwachangu. Imatuluka m'khona motakasuka n'kukalowa mbali ya galimoto zobwera kutsogolo mumsewu womwe ikulowamo. Dengu lija nalo limakola oyenda pansi ndi apanjinga zakapalasa, omwe amayenda m'mphepete momwemo.

Pali kachinthu kena kakang'ono komwe sikakambidwa kawirikawiri. Indiketa ya galimoto imazima yokha chiwongolero chikabwerera, koma pa njinga zambiri sizitero, woyendetsa ayenera kuizimitsa ndi chala. Wakabaza akakhotera kumanzere n'kuiwala, amayenda mtunda wautali getsi likuphethira. Dalaivala yemwe akudikira pamphambano yotsatira amaona getsilo, amaganiza kuti njingayo ikhota, n'kulowa mumsewu. Wakabaza amamuomba m'nthiti, ndipo aliyense amalumbira kuti wolakwa ndi mnzake. Ena mwa anyamata athu amachotseratu magalasi a njinga ati kuti izioneka bwino. Zimandipweteka mtima ndikaona zotere, chifukwa munthu wachotsa dala chinthu chomwe chikanamuonetsa minibasi yomwe ikumudzera kumbuyo. Ngakhale magalasi alipo, kucheuka paphewa la kumanzere musanakhote n'kofunikabe, popeza mnzanu wakabaza akhoza kukhala akukudutsani mbali yomweyo.

Vuto la njinga yamoto kusaoneka si la ku Malawi kokha. Mu 1981, ofufuza motsogozedwa ndi Harry Hurt anatulutsa lipoti la ngozi 900 za njinga zamoto zomwe anazifufuza ku Los Angeles. Anapeza kuti pa ngozi zomwe njinga inaombana ndi galimoto, pafupifupi ziwiri mwa zitatu zilizonse zinachitika chifukwa woyendetsa galimoto analowa m'njira ya njinga, ndipo kawirikawiri inali galimoto yokhotera kumanzere patsogolo pa njinga yomwe ikubwera. Ku America amayendetsa kumanja, ndiye kwa ife imeneyo ndi galimoto yokhotera kumanja. Mangochi akuidziwa bwino galimoto imeneyi. Mukachoka m'tauni kulowera ku Monkey Bay nyanja imakhala kumanja, choncho alendo opita ku Nkopola kapena Makokola Lachisanu madzulo amayenera kudula msewu. Maso awo amakhala pa zikwangwani za malo ogona, ndipo njinga yochokera kutsogolo imaoneka yaing'ono komanso ngati ili kutali. Kuyatsa nyali ngakhale masana ndi kuvala jekete yowala kumathandiza, koma chachikulu n'kuchepetsa liwiro ukaona galimoto yaima pakati pa msewu, chala chili kale pa buleki.

Zonsezi munthu amaphunzitsidwa, sabadwa nazo. Malamulo a pamsewu amafuna kuti woyendetsa njinga yamoto akhale ndi laisensi, njinga ikhale yolembetsedwa ku nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, ikhale ndi inshuwalansi, ndipo woyendetsa ndi wokwera avale zipewa zodzitetezera. Koma anyamata ambiri sukulu yawo inali bwalo la mpira. Mnzawo anawaonetsa kilatchi, giya ndi buleki, anazungulira kangapo, posakhalitsa anali pasiteji kunyamula anthu. Pabwalo la mpira palibe thiraki, palibe mphambano. Kuwonjezera apo, ambiri njinga si zawo. Mwini wake amadikira ndalama yake madzulo, mafuta akwera mtengo, ndiye sekondi iliyonse yoima pakhona imaoneka ngati ndalama yotayika. Sindikuwaikira kumbuyo, koma wofuna kuthetsa vutoli ayambe wamvetsa chomwe chimawathamangitsa.

Wokwera nayenso ali ndi mbali yake. Ndife tomwe timati, "Achimwene, thamangani ndachedwa," kenako n'kumadandaula kuti akabaza ndi osasamala. Mayi wokhala chammbali, miyendo yonse mbali imodzi, amavuta kumusunga njinga ikapendekeka, ndipo chitenje cholendewera chikhoza kukodwa mu tcheni. Wokwera akhale mowongoka, atsate thupi la woyendetsa pokhota, ndipo ali ndi ufulu wonena kuti, "Achimwene, dikirani thirakiyi idutse kaye." Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo chipewa chovalidwa bwino chimachepetsa chiopsezo cha kuvulala ubongo mpaka ndi 74 peresenti. Chipewa chosamanga lamba, kapena chokoleka pachiwongolero kudikira pomwe pali apolisi, chimenecho sichiteteza munthu.

Wovulala amathamangira naye ku chipatala cha boma cha Mangochi, ndipo zikavuta amatumizidwa ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ku Lilongwe kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION mu 2023, koma kwa banja la ku Malindi kapena Chimwala kumeneko n'kutali, ndipo womudikirira wodwala amasiya munda ndi geni. Fupa la ntchafu likathyoka, mnyamata yemwe amadyetsa banja amagona miyezi osagwira ntchito, ngongole ya njinga ikumudikira.

Zina mwa zofunika kuchita sizilira ndalama zambiri. Khonsolo ndi a Roads Authority angathe kuonetsetsa kuti mchenga wa m'makhona ukuchotsedwa mvula ikatha, mizere yofufutika ikujambulidwanso, ndipo mabenchi a malonda ndi masiteji a njinga asunthidwa pang'ono kuchoka pakamwa pa mphambano, pomwe amatchinga maso a oyendetsa. Masiteji ambiri ali ndi wapampando ndi malamulo awo, ndipo akabaza ali ndi mgwirizano wawo wa MACOKASA. Wapampando yemwe amatha kuletsa mlendo kunyamula anthu pasiteji yake angathenso kuletsa njinga yopanda magalasi ndi indiketa. Angathe kupempha dalaivala wa thiraki aime nayo pabwalo tsiku limodzi, mnyamata aliyense akwere pampando wa dalaivala, mnzake aimike njinga kumanzere kwa ngolo, aone yekha kuti pagalasi sikuoneka.