Kawaya kozizira komwe kayambanitsa akatswiri a sayansi

Foni yanu ikatentha muli pa TikTok, dziwani kuti magetsi akulimbana ndi mawaya kuti adutse. Mu 1911, ku Leiden, Heike Kamerlingh Onnes anaziziritsa mercury mpaka madigiri 269 kunsi kwa ziro, kulimbanako n'kutheratu. Magetsi ankangoyenda osataya mphamvu. Zinthu zoterezi amazitcha superconductor.

Mu 1962 Brian Josephson, wophunzira wa ku Cambridge, ananena zomveka ngati nthano. Anati mukaika kakhoma kopyapyala, kosadutsa magetsi, pakati pa ma superconductor awiri, ma electron adzadutsabe awiriawiri popanda chowakankha. John Bardeen, mkulu amene anali kale ndi mphoto ya Nobel, anamutsutsa. Chaka chotsatira anthu atayesa anapeza kuti mnyamatayo ankanena zoona. Anali ndi zaka 22 zokha, abale!

Mphambano imeneyi, Josephson junction, ndiye mtima wa makompyuta a quantum a Google ndi IBM. Nkhaniyi ikukukhudzani, chifukwa kompyuta yotere ikadzakhwima ingathe kumasula njira zina zimene zimabisa uthenga ndi ndalama zanu pa intaneti. Pakadali pano ili ndi vuto loiwala. Kaphokoso kapena kakutentha pang'ono, zomwe inasunga zimabalalika sekondi isanakwane.

Mu 2001 Alexei Kitaev anapereka maganizo ena: bwanji osagawa uthengawo pawiri, n'kuubisa kunsonga ziwiri za kawaya? Phokoso likagwedeza nsonga imodzi silingauwononge, poti suli pamalo amodzi. Tinthu takunsongato amatitcha Majorana, dzina la katswiri wa ku Italy amene anasowa mu 1938 osapezekanso. Powerengera, mumatisinthanitsa malo ngati mukuluka tsitsi. Mutu ugwedezeke bwanji, chingwe chomwe chinadutsa pamwamba pa chinzake chimakhalabe pamwamba. Akamati topology, kwenikweni akunena zimenezi.

Papepala n'zokoma. Kutipeza ndiye nkhani ina. Mu 2018 gulu la ku Delft, logwira ntchito ndi Microsoft, linalemba m'magazini ya Nature kuti laona chizindikiro chake. Akatswiri ena atapempha manambala onse anapeza kuti osagwirizana ndi nkhaniyo anasiyidwa, ndipo mu 2021 pepalalo linachotsedwa. Chovuta n'chakuti tizinyalala ta m'kawayako timatha kupereka chizindikiro chofanana ndendende.

Mu February 2025 Microsoft inabweranso ndi kachipangizo ka Majorana 1, kopangidwa ndi indium arsenide ndi aluminiyamu. Pa intaneti panali chikondwerero. Ine chomwe chinandigwira mtima ndi ndemanga ya akonzi a Nature pa pepala lomwe linatuluka tsiku lomwelo. Iwo anati zotsatira zake si umboni woti Majorana alimodi m'kawayamo. Nthawi imeneyo kampaniyo inati ili ndi umboni wina watsopano, ndipo akatswiri ambiri anati auone kaye.