Malungo ku Khombedza: mankhwala aulerewa amagula ndani?

Mukafika pachipatala cha Khombedza m'boma la Salima nthawi ya dzinja, simufunika kufunsa chomwe chavuta. Ana ali kumsana, thupi lili moto, ena akusanza. Akawabaya chala n'kuyeza magazi, nthawi zambiri yankho limakhala lomwelo: malungo.

Derali n'lotentha, lili kufupi ndi nyanja, ndipo madambo ndi minda ya mpunga zimasunga madzi miyezi yambiri. Udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus umaswana bwino m'madzi okhalitsa okhala ndi udzu, n'chifukwa chake kunyanja malungo satheratu ngakhale m'chilimwe.

Koma kodi munadzifunsapo kuti kachipangizo koyezera magazi kaja, mankhwala a LA ndi neti yomwe munalandira kusikelo amagula ndani? Inu simulipira, zoona. Ndalama zambiri zogulira zinthuzi zakhala zikuchokera kunja, makamaka ku Global Fund ndi ku boma la America kudzera mu President's Malaria Initiative (PMI).

Anthu a ku Salima anaona kale zomwe zimachitika thumba likachepa. Mu 2010, ntchito yopopera mankhwala m'makoma a nyumba, yomwe inayambira ku Nkhotakota mu 2007, inafika m'bomali. Posakhalitsa zinadziwika kuti udzudzu wayamba kupirira mankhwala otsika mtengo a gulu la pyrethroid. Zimatheka bwanji? Mukapopera, udzudzu wambiri umafa, koma wochepa wolimba umapulumuka n'kuswa ana olimba ngati iwo. Pakapita zaka, umatsala ndi wosamva mankhwala wokhawokha. Panafunika mankhwala ena odula kwambiri, ndalama sizinakwane, ndipo pofika 2012 PMI inaimitsa kupopera. Udzudzu sunaime nawo.

Masikito nawonso akhudzidwa. Neti zakale zinali ndi pyrethroid yekha, pomwe zamakono amazithira mankhwala owonjezera ndipo zimadula kuposa zija. Neti imatha mphamvu pakadutsa zaka pafupifupi zitatu, choncho kugawa kamodzi sikokwanira. Pano tinene poyera: amene mumasandutsa neti kukhala khoka la usipa kapena mpanda wa dimba mukuwonjezera vuto, ngakhale tikudziwa kuti njala ndiyo imakankha ambiri.

Vuto la ndalamali si la Malawi yekha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2023 malungo anapha anthu pafupifupi 597,000, ambiri a iwo ana aang'ono a mu Africa. Chaka chomwecho ndalama zolimbana ndi matendawa zinali madola 4 biliyoni, pomwe zofunika zinali 8.3 biliyoni. Ndiye mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lambiri lopita kumaiko ena.

Nanga ife? Mu 2001 ku Abuja, atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, koma zaka zambiri Malawi sakwanitsa. Mu 2021 boma linakhazikitsa kampeni ya Zero Malaria Starts With Me, n'cholinga chothetsa malungo pofika 2030. Cholingacho n'chabwino, koma sichingatheke ndi ndalama za eni ake okhaokha. Si kuti sitidziwa kutsogolera: mu 1993 Malawi anali woyamba mu Africa kusiya chloroquine atasiya kugwira ntchito, ndipo mu Epulo 2019 anali woyambanso kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana.

Bajeti imadutsa m'manja mwa aphungu omwe munawasankha. Phungu kapena khansala akabwera pamsonkhano, m'funseni kuti ndalama za mankhwala zomwe boma la Salima lalandira chaka chino ndi zingati, ndipo kupopera kuli m'mapulani kapena ayi. LA akasowa, kauzeni a komiti ya pachipatala, alembe tsiku lomwe anatha ndi tsiku lomwe anabweranso, kuti pokalankhula kukhonsolo akhale ndi umboni m'manja.