Kucheza maso ndi maso kumachepetsa kusalana m'madera a mu mzinda wa Lilongwe

Chiyambireni m'chaka cha 1985 pamene munthu woyamba anapezeka ndi matenda a Edzi m'dziko muno, uthenga wa kachilombo ka HIV wafalitsidwa pa wailesi, m'nyuzipepala ndi pa zikwangwani za m'misewu. Pofika m'zaka za m'ma 2000, pafupifupi aliyense anali atamvapo za matendawa, koma kudziwako sikunathetse kusalana.

M'madera ngati Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona, komwe mabanja angapo amakhala pa poloti imodzi n'kumagwiritsa ntchito bafa ndi chimbudzi chimodzi, wodwala ankatha kumupatulira mbale ndi kapu yakeyake. Mayi wogulitsa mandasi ankathawidwa ndi ogula pongomveka mphekesera. Ngakhale dzina la matendawa linkazembedwa: anthu ankangoti kaliwondewonde kapena matenda a boma.

Zinthu zinayamba kusintha pamene anthu omwe ali ndi kachilomboka anadzipereka kukakhala pansi ndi anzawo n'kuwafotokozera za moyo wawo. Bungwe la NAPHAM, lomwe anthu oterewa analiyambitsa m'chaka cha 1993, linkatumiza mamembala ake m'sukulu, m'matchalitchi ndi m'malo a ntchito kukapereka umboni. M'chaka cha 1994, maiko 42 omwe anakumana mu mzinda wa Paris anagwirizana kuti anthu omwe ali ndi kachilomboka azitenga mbali pa nkhondo yolimbana ndi Edzi.

Kucheza kotereku n'kosiyana ndi msonkhano wa uphungu. Wodziperekayo saphunzitsa ayi. Amangofotokoza chomwe chinamupititsa kukayezetsa magazi, momwe anamvera atauzidwa zotsatira, munthu yemwe anayamba kumuululira, ndi momwe achibale anailandirira nkhaniyo. Akatero amalola mafunso, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu ya njirayi. Chikwangwani sichifunsidwa ngati chimadyera mbale imodzi ndi ana, kapena ngati mayi yemwe ali ndi kachilombo angabereke mwana wopanda kachilomboko. Koma mayi wa ku Area 23 yemwe wabereka mwana wotero amayankha mwanayo ali kumsana, ndipo omverawo amamudziwa chifukwa amatunga naye madzi pa mpope umodzi.

Katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, Gordon Allport, analemba m'chaka cha 1954 kuti tsankho limachepa ngati magulu awiri akumana monga anthu ofanana, ali ndi cholinga chimodzi, ndipo atsogoleri awo akuvomereza kukumanako. N'chifukwa chake zimathandiza mfumu ya m'dera kapena abusa akakhalapo, bola asalande mawu. Ku Denmark, m'chaka cha 2000, kunayamba ntchito yotchedwa Human Library, momwe munthu wosalidwa "amabwerekedwa" ngati buku kuti acheze kwa kanthawi ndi wofuna kumufunsa.

Chaka cha 2004 chinawapatsa mphamvu odziperekawa. M'mwezi wa February, yemwe anali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, a Bakili Muluzi, anaulula poyera kuti m'bale wawo anamwalira ndi Edzi. M'chaka chomwecho boma linayamba kupereka mwaulere mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV. Kale wopereka umboni ankatha kumwalira patangopita miyezi, zomwe zinkangowonjezera mantha a omvera. Mankhwalawa atafika, anthu a ku Area 25 anayamba kuona yemwe ankamuyesa wakufa akupalasanso njinga kupita ku ntchito. Chipatala cha Lighthouse, chomwe chinatsegulidwa pa Kamuzu Central m'chaka cha 2002, ndi cha Martin Preuss cha pa Bwaila cha 2006, zinadalira kwambiri anthu ongodzipereka oyendera odwala m'makomo.

Komabe ntchitoyi ili ndi mtengo wake, ndipo wolipira ndi wolankhulayo. Kucheza kukatha, amabwerera ku poloti yomwe ija, kwa eni nyumba omwe aja, ndipo amayi ena anathamangitsidwa pa banja ataulula. Pa chifukwa chimenechi palibe woyenera kukakamizidwa kupereka umboni, ngakhale ndi bungwe lomwe likumuthandiza. Lamulo la HIV ndi Edzi lomwe Nyumba ya Malamulo inavomereza m'chaka cha 2017 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachilomboka, komanso limateteza chinsinsi chake pa za momwe magazi ake alili.