Dzina la Leicester: Chifukwa Chake Limalembedwa Lalitali Koma Nkutchulidwa Lalifupi

Dzina la mzinda wa Leicester, umene uli m'chigawo chapakati cha dziko la England m'mbali mwa mtsinje wa Soar, lili ndi malembo 9, koma eni mzindawo amalitchula ndi maphatikizo awiri okha, kuti "Lesta". Wowerenga amene anazolowera Chichewa, momwe lembo lililonse limamveka monga lalembedwera, amayembekezera kuti dzinali limveke "Leyisesta", ndipo sakhala yekha pa kuphonyako, popeza alendo ambiri olankhula Chingerezi chomwecho amapunthwa pa malembo omwewo. Kusiyanaku kunadza chifukwa kalembedwe kanaima pamalo amodzi zaka mazana angapo zapitazo, pamene pakamwa pa anthu dzinali linapitirira kufupika.

Mbali yachiwiri ya dzinali, "-cester", ndiyo yodziwika bwino chiyambi chake. Inachokera ku mawu a Chilatini akuti "castra", otanthauza msasa wa asilikali, omwe anafika ku Britain ndi Aroma atalowa m'dzikomo m'chaka cha 43. Ulamuliro wa Aroma utatha cha m'ma 410, mitundu ya Angle ndi Saxon imene inakhazikika m'dzikomo inapeza mabwinja a mizinda ya malinga a miyala, ndipo malo otere inawatcha "ceaster", mosayang'ana ngati panali msasa wa nkhondo kapena mzinda wamba wa malonda. Aroma eni ake sankalidziwa dzina la Leicester: kwa iwo mzindawu unali Ratae Corieltauvorum, mawu oyambawo akuloza malinga ndipo achiwiriwo akuloza Corieltauvi, mtundu wa anthu amene ankakhala m'deralo. Chipupa chachikulu cha nthawi imeneyo, chotchedwa Jewry Wall, chikanalipo pakati pa mzinda.

Mbali yoyamba, "Lei-", ndiyo yautsa mtsutso. M'mipukutu ya mbiri ya Angerezi akale mzindawu umalembedwa Ligera ceaster, ndipo akatswiri ambiri a mayina a malo amamasulira kuti "mzinda wa Aroma wa anthu a Ligore", anthuwo atatenga dzina lawo ku mtsinje wa m'deralo, mwina Soar womwewo usanasinthe dzina. Kumasulira kwina, komwe nkokoma kumva koma kopanda umboni, kunafala ndi Geoffrey wa ku Monmouth, amene cha m'ma 1136 analemba kuti mzindawu unamangidwa ndi mfumu Leir, ija William Shakespeare anadzaisandutsa King Lear m'sewero lake. Geoffrey anali mmisiri wa nthano kuposa wa mbiri, ndipo nzotheka kuti mfumuyo ndiyo inapangidwa kuchokera ku dzina la mzinda, osati mzinda kuchokera kwa mfumu.

A Norman, omwe ankalankhula Chifalansa, atagonjetsa England mu 1066, alembi awo anayamba kulemba mayina a malo monga ankamvekera m'makutu mwawo, kotero kuti m'kaundula wa chuma ndi malo wa 1086, wotchedwa Domesday Book, mzindawu ukupezeka monga Ledecestre. Kusakanizikana kwa zilankhulo ndi kusiyana kwa malankhulidwe a zigawo ndiko kunachititsa kuti mawu amodzi aja a "ceaster" abale ana atatu: "-caster" wa kumpoto monga Lancaster ndi Doncaster, "-chester" monga Winchester ndi Manchester, ndi "-cester", momwe lembo la c limamveka ngati s.

Apa ndipo pagona gwero la kufupikako. Chingerezi chimatsindika phatikizo limodzi m'mawu, kawirikawiri loyamba, ndipo ena otsatira amafooka mpaka kumezeka. Mu Leicester, liwu lofooka limene linali pakati pa ma s awiri linatayika, ma s aja nkusanduka mmodzi, ndipo r wakumapeto samveka m'malankhulidwe a Angerezi ambiri, ngakhale kuti anthu a ku Amereka amamutchula. Njira yomweyo inasandutsa Gloucester kukhala "Glosta" ndi Worcester kukhala "Wusta". Kusindikiza mabuku, komwe William Caxton anakuyambitsa ku England mu 1476, kunathandiza kukhazikitsa kalembedwe pang'onopang'ono, nchifukwa chake malembo osamvekawo sanachoke papepala. Kufupikaku sikukhudza mayina onse: tauni ya Cirencester lero imatchulidwa ndi maphatikizo ake onse anayi, kuti "Sayirensesta".

Dzinali lafalikira kunja kwa malire a mzinda, ndipo kawirikawiri limanyamula katchulidwe komweko. Chigawo chozungulira mzindawu ndi Leicestershire, chomveka "Lestasha". Bwalo lotchuka la Leicester Square ku London linatchedwa choncho chifukwa cha nyumba ya Robert Sidney, mfulu ya udindo wa Earl of Leicester, imene inamangidwa pamalopo m'zaka za m'ma 1630. Kuli tchizi chofiirira chotchedwa Red Leicester, komanso tauni ya Leicester ku Massachusetts. Mu 2012 dzinali linamveka m'nkhani za padziko lonse pamene mafupa a mfumu Richard III, amene anaphedwa pa nkhondo ya ku Bosworth mu 1485, anafukulidwa pansi pa malo oimikapo magalimoto mu mzinda wa Leicester wa ku England.

Ku Malawi ndi ku Zambia, ena mwa amene anaphunzitsa anthu katchulidwe koyenera ndi oulutsa mpira, makamaka mu 2016 pamene timu ya Leicester City, motsogozedwa ndi Claudio Ranieri, inatenga chikho cha Premier League mosayembekezeka. Ubale wa mzindawu ndi dera lino ndi wakale kuposa pamenepo, chifukwa m'zaka za m'ma 1970 Amwenye ambiri ochokera ku Uganda, omwe Idi Amin anawathamangitsa mu 1972, komanso ochokera ku Kenya ndi ku Malawi, anakakhazikika kumeneko, ena a ku Malawi atasiya masitolo awo pamene boma linawaletsa kuchita malonda kumidzi.