Chibowo cha mu Mlalang'amba si chibowo ayi

Inu amene mumachezera panja m'nyengo yachisanu, tayang'anani kummwera usiku wopanda mwezi. Muona nyenyezi zinayi zokhala ngati mtanda, ndipo pambali pake, m'kati mwa Mlalang'amba, pali malo akuda bii ngati wina wang'ambapo. Azungu amawatcha Coalsack, ndiye kuti thumba la makala.

Akatswiri akale ankati malo otere ndi zibowo zopanda nyenyezi. Chinawatsutsa ndi kamera. Bambo Edward Barnard wa ku America ankatsegula kamera yake kwa maola angapo, akutsata nyenyezi pamene zikusuntha, kuti kuwala kofooka kuunjikane pa galasi lojambulira. Diso la munthu silitha kutero. M'chaka cha 1919 iye anatulutsa mndandanda wa malo akuda okwana 182, atakhutira kuti ambiri mwa iwo ndi mitambo ya fumbi ndi mpweya yophimba nyenyezi za kuseri kwake. Thumba la makala lija lili kutali zedi: kuwala kumayenda zaka pafupifupi 600 kuchoka kumeneko kufika kuno.

Tsono chodabwitsa ndi ichi. Fumbi lomwelo likayandikana ndi nyenyezi yowala, nalonso limawala. Mudaonapo fumbi la pamsewu usiku: limabisa nyali ya kutsidya, koma galimoto ikaliunika limayera mbee. Pa Nsangwe ndi momwemo. Ife timangoona kagulu ka nyenyezi zisanu ndi imodzi kapena ziwiri, koma pa chithunzi zimaoneka zitafunda nkhungu yobiriwira ngati thambo. Mu 1912 Vesto Slipher anapeza kuti nkhunguyo ilibe moto wake, imangobweza kuwala kwa nyenyezizo. Fumbi lake ndi losalala ngati utsi, osati lathu la m'munda ili.

Masiku ano ojambula amatenga zithunzi zambirimbiri za malo amodzi n'kuziphatikiza pa kompyuta. Koma ngakhale kamera ikhale yodula chotani, imafuna mdima weniweni, ndipo m'mizinda monga Maputo ndi Johannesburg magetsi adaupitikitsa. Ena amayenda ulendo wautali kufunafuna thambo longa la kwathu ku Angónia ndi ku Tsangano kuno.

Nafenso timaliwononga ndi utsi tikayamba kutentha tchire. Choncho aonetseni ana thumba la makalalo mu Meyi kapena Juni, madzulo mutatha kudya, muli kutali ndi moto. Dikirani pang'ono kuti maso azolowere mdima.